Vinyo wa m'jagi ya a Pulofesa

Lachiwiri, 4 Marichi

Amuna anga, a Pulofesa, atumiza uthenga. Miyezi isanu ndi iwiri chichokereni m'nyumba muno, mawu ake ndi awa: "Loweruka ndidzatenga mabuku anga." Ngakhale moni! Munthu wophunzitsa ana a eni kulemba.

Ndayankha kuti abwere ndi makatoni awo. Kenako ndangopezeka ndikutsuka jagi yagalasi ija ankathiramo vinyo woyera Lachisanu lililonse. Botolo sindinkaliona, ankati vinyo wabwino amayamba wapuma. Ndimangochotsa fumbi ine, palibe china.

Lachitatu, 5 Marichi

Kusitolo ya vinyo. Mayi wogulitsa: "Dzina lake?" Kaya. Zaka khumi ndikumwa chinthu chosachidziwa dzina, ine wa madigiri awiri! Ndafotokoza: wosatsekemera, wowawasa pang'ono ngati apozi wosapsa, ukameza m'kamwa mumatsala mbee. Poti a Pulofesa ndi odzimva, ndaloza shelefu yapamwamba. Mtengo wake nsapato zabwinobwino.

Kulawa kunyumba, fungo la thabwa ndi batala. Si ameneyu.

Lachinayi, 6 Marichi

Shelefu yapakati. Uyu ndiye ndimu weniweni, mano ayayamira. Achemwali alawa, akwinya nkhope. "Iwe, ukusaka vinyo kapena mwamuna?" Ndati vinyo. "Nanga tsitsilo wakonzera botolo?"

Anthu ena kubadwa koyamba amakuyesa digiri.

Lachisanu, 7 Marichi

Kushelefu yapansi sindinawerame. A Pulofesa angamwe za pafupi ndi mapazi? Ndabwerako chimanjamanja.

Mpando wawo ndaukankhira pakona. Ndaubwezanso.

Loweruka, 8 Marichi

Afika masana, ataonda, kolala yopindikira m'kati. Manja anga ndawagwira kumbuyo kuti asaikonze. A Pulofesa abwera ndi botolo lozizira, lochita thukuta, ndipo ndalizindikira pomwepo: la pashelefu yapansi penipeni kusitolo kuja, pamene amatsamiritsa mopu.

Ndalawa. Apozi wosapsa, m'kamwa mbee. Yemweyo!

"Zaka zonsezi mumandimwetsa wotchipa?"

"Mumamukonda, mayi. Ndinkaopa kuti mukaona mtengo musiya." Akanda m'mutu. "Jagi ija ilipo?"

Ndati mwina, ndiyang'ane kaye. Inali pathebulo, ikuwala pamaso pawo.

Popita kokatenga matambula ndasuzumira pazenera. M'galimoto mwawo mulibe katoni ngakhale imodzi. Sindinafunse.