Kiyi wa Mjigo wa Mpingo

Mabvuku, Harare
17 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali anga a Lidiya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu anga, amene ndamva kuti mimba yawo tsopano imalowa m'nyumba eni ake akadali pamsewu. Kuno ine ndili gwa ngati chitsulo cha njanji. Imvi zili mbuu, koma ndikatsika minibasi, kuno amati kombi, atsikana amafunsanabe kuti mnyamatayu ndi wa kwa yani. Vuto ndi madzi basi. Pampopi pathu pakutuluka mphepo yokha chaka chachitatu chino, moti akangaude anamangamo nyumba zosanja. Mukudziwa kuti mpingo wathu unakumba mjigo ndipo kiyi anapatsa ine. Mu Mabvuku muno munthu wa kiyi wa madzi amaposa nduna. Ngakhale agalu amandipatsa moni.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanu Ruvarashe wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Cornélio, kwawo ku Tete, amawotcherera zitsulo ku Southerton ndipo amachita lendi mizere itatu ya nyumba kuchokera kwathu. Chichewa amachidziwa kuposa Ruvarashe, amene akafuna madzi amati "mvura" mwa Chishona, ine n'kuthamangira panja kukaanula zovala. Mnyamatayu samwa, sasuta, moni amapereka ndi manja awiri. Koma sapemphera. Si Mkatolika, si Msilamu, si wa mapositoli ovala zoyera aja, ngakhale gule savina. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe ndiwe wa chiyani?" Anati, "Ndine wa Ruvarashe, bambo, mukalola." Mwamuona? Pakamwa poterera chonchi m'pofunika kuchenjera napo.

Akulu a mpingo anandiitana. Anati munthu wosaopa Mulungu sangakhale wabwino ulele, pali chimene akubisa, kaya mkazi wina, kaya kanthu ka m'botolo. Ine ndinavomereza, chifukwa ndikanakhala kuti sindiopa moto uja, he, Harare yonse ikanandidziwa. Anandipatsa masabata awiri oti ndimufufuze. Anatinso ndikapereka mwana kwa munthu amene sanalowe kalasi ya ubatizo, udikoni wanga ndi kiyi ndiziiwale.

Ndinafufuza mwaukatswiri woti apolisi akanandilemba ntchito. Ndinapeza kuti Lamulungu lililonse, ife tikamalowa m'tchalitchi, iye amakankha wilibala ya zigubu kupita kuchitsime cha kudambo, ulendo wa ola lathunthu, ndipo madziwo safika nawo kunyumba kwake. Ndinati eya, mkazi uja ndi ameneyu. Lamulungu linalo ndinauza abusa kuti ndatsegula m'mimba, ndinavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda moti amayi athu otibereka sakanandizindikira. Mayi wogulitsa tomato pakona anangoti, "Mwadzuka bwanji a Maliko, magalasi abwino." Nsanje basi.

Ndinamutsatira mpaka kumapeto kwa mizere, kumene analowa m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ina. Malowo ndimawadziwa. Amakhalamo a Zacarias, mkulu wa miyendo yotupa uja ndinakulemberani chaka chimene anamwalira mayi a Ruvarashe kuti ndi mfiti. Tinawachotsa mumpingo, ndipo pamjigo tinaletsa aliyense kuwatungira. Ndinabisala kuseri kwa mpanda, mumtima ndikuti ndagwira mfiti ndi mwana wasukulu wake tsiku limodzi. Ndinadikira nsupa, ndinadikira mphini. Mnyamata anatenthetsa madzi, anawasambitsa mapazi, anawameta ndevu, uku akukangana za mpira. Kenaka fumbi linandilowa pakhosi.

"Chifuwa chimenecho ndi cha Maliko," anatero a Zacarias. "Ndicho chimayambitsa nyimbo kutchalitchi. Lowa iwe, mpandawo ungakugwere."

Ndinalowa ngati munthu amene amangodutsa. Ndinafunsa Cornélio, "Awa ndi abale ako?"

"Ayi, bambo."

"Nanga ukufunapo chiyani? Zakumwamba suzikhulupirira, ndiye mphoto ukalandira kuti?"

Anapitiriza kupukuta lumo. "Bambo, ine ndinathawa nkhondo ndili ndi zaka zisanu. Ena mwa amene anawotcha mudzi wathu anali ndi mitanda m'khosi. Mayi amene anatimwetsa madzi panjira sitinawafunse mpingo wawo. Zakumwamba sindikuzidziwa, sindingakunamizeni. Ludzu ndilo ndimalidziwa."

"Usadandaule mwana wanga," anatero a Zacarias. "Apongozi akowa amakhulupirira zokwanira anthu awiri. Kiyi ali m'thumba lakumanzere, ndikumumva akulira."

Inu mukudziwa kuti sindinagonjepo pamkangano chibadwire. Tsiku limenelo ndinangowamvera chisoni, ndinawasiya.

Tsopano pali kanthu kakang'ono kamene ndinaiwala kukulemberani zaka zinayi zapitazo. Kuchipatala anandiuza kuti alamu anu, mayi a Ruvarashe, anapita ndi matenda a shuga. Pepala lake lakhala lili m'sutikesi zaka zonsezi. Koma ine ndinali nditasala kudya, nditalonjeza mpingo wonse kuti mkazi wanga adzuka, chifukwa pemphero la Maliko silibwerera chabe. Ataikidwa m'manda anthu ankandiyang'ana. Kuimirira n'kunena kuti Mulungu wandikaniza kunandilemera. Kunena kuti anamulodza ndi a Zacarias, amene anakangana nawo za nkhuku sabata yomweyo, kunali kopepuka. Chiyambire pamenepo nyimbo ndimayambitsa ndithu, mawu anga amagwedezabe malata, koma ena akatsinzina ine ndimangoyang'ana nsapato zanga.

Dzana, Lamulungu, akulu anakhala pansi kuti amve lipoti. Ndinayankhula ngati loya wa ku Joni. Ndinati ndafufuza ndipo munthu wobisa zinthu ndamupeza, koma si mnyamatayo ayi. Ndinatulutsa pepala lija. Kenaka mkulu wina anati, "A Maliko, nkhalamba ija yakudyetsani chiyani?" Wina anati mwina pepalalo ndalemba ndekha. Moti lero wokayikiridwa ndine. Amayi a chigwirizano akandiona amakokera ana awo pafupi. Kiyi sanandilande, musamve zonama, ndinamuika ndekha patebulo atangotambasula dzanja. Dzulo ndinaima pamzere ndi chidebe changa kumbuyo kwenikweni, ndipo ndikuuzeni, palibe munthu mu Zimbabwe muno woima pamzere mokongola ngati ine.

Musaganize kuti mnyamata uja ndamukhulupirira. Diso langa likadali pa iye. Munthu sangakhale chonchija popanda womuopseza, tsiku lina ndidzamugwira. Koma kufikira tsikulo sindikupeza chomukanira, ndiye ndavomera. Ukwati uliko pa 9 Disembala, pabwalo la nyumba yanga, chifukwa tchalitchi ndi chaching'ono kwa mwana wa Maliko. Ndiponso abusa akana.

Kwa a Zacarias ndinapitako dzulo madzulo ndi lero m'mawa kuti ndikanene mawu aja oyenera kunenedwa. Ndikafika pakhomo pakamwa pamayamba pokha nkhani ya mpira. Iwo amangondiyang'ana, n'kundiuza kuti ndikhale pachigubu.

Pempho langa ndi ili. Kuno amati ukwati suyenda popanda tete, ndiye kuti mlongo wa bambo, ndipo tete wa Ruvarashe ndinu nokha. Mubwere ndi basi ya pa Nyamapanda, ndidzakuchingamirani kudepoti ya ku Mbare. Mudzandizindikira msanga, ndine wokongola uja.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Cornélio akuti moni, akuti akufuna adzaone ngati kubanja kwathu kuli wina wonena zoona. A Zacarias akuti moni ngakhale sakukudziwani. Ruvarashe sanandiuze kuti ndikupatseni moni, chifukwa kuyambira dzana sakundiyankhula. Anangoti, "Baba, munandisiya ndikudana ndi nkhalamba yosalakwa, ndikumaganiza kuti inapha amayi." Chakudya akundiikirabe patebulo. Mukabwera mudzayankhule naye, inu amakumverani.

Mubwere ndithu, achemwali. Anthu adzadzaza msewu wonse mpaka makombi adzasowa podutsa. Koma benchi ya mbali yathu, amene avomera kudzakhalapo mpaka pano ndi a Zacarias okha.

Ndine mlongo wanu,
Maliko