Ngati a Pollokshields atamusankha Takondwa

Lachinayi, 12 Malichi

Ndatopa. Shifiti ya lero yandithyola msana, mvula nayo sinakate.

Loweruka matimu a achinyamata a mpira wa ku America akusankha osewera mosinthana, ndipo mwana wanga Takondwa sakukamba china. Iye ndi kotabaki, uja woponyera anzake mpira. Timu ya kwathu kuno ku Dennistoun ikumufuna, koma ndi yachitatu kusankha. A Partick, omwe ayambe, woponya ali naye kale. Vuto ndi achiwiri, a Pollokshields a kutsidya kwa mtsinje, chifukwa wawo anathyoka mkono.

Kochi wa kuno ndinamupeza pa siteji ya basi. Nditamufunsa ngati mwayi ulipo, anangopukusa mutu. "Ndikanakhala iwowo, ndikanamutenga."

Akamutenga ndiye kuti azikwera sitima ziwiri madzulo, ine ndili ku ntchito. Bambo ake ali ku Zomba. Azimuperekeza ndani?

Tikudya ndinamuyesa. "Nanga akakusankha a kutsidyako?"

Nkhope yake inawala. "Ndiye kuti ndimatha, eti Mami?"

Ndinavomera, poti ndi zoona. Sindinamuuze kuti mayi wake weniweni akupemphera kuti Loweruka anthu amulambalale.