Fomu Imene Bambo Anasayina Osawerenga

12 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, koma ine mtima uli m'mwamba, ndipo palibe wina amene ndingamuuze koma inu.

Sabata yatha kusukulu anatipatsa fomu yosankhira maphunziro a mayeso. Litilecha ndi yosakakamiza, ndipo aiika nthawi imodzi ndi Fizikisi, ndiye munthu uyenera kusiya imodzi. Mukuwadziwa bambo anu. Chiyambire kundiphunzitsa kulumikiza mawaya pabenchi lawo lija, amauza kasitomala aliyense kuti kunyumba kuli injiniya.

Ndinawapeza kushopu akukonza wailesi, magalasi ataiwala kunyumba. Anati, "Ndisayine pati? Zinazo ukadzaza wekha, si ukudziwa kale?" Anasayina fomu yopanda kanthu. Achemwali, ndinayenda nayo mpaka pageti la sukulu, ndipo ndinachonga Litilecha. Ndi bolopeni, osati pensulo.

Fizikisi ndimakhoza, sindikana, koma aphunzitsi athu akayamba kuwerenga ndakatulo ndimaiwala ndi njala yomwe. Komanso anatiuza kuti tikapanda kukwana khumi ndi asanu, kalasiyo ithetsedwa. Wachikhumi ndi chisanuyo ndine. Ndikasintha ndagwetsa anzanga onse, ndikapanda kusintha ndagwetsa bambo.

Tsopano ahedi aitana makolo Lachinayi kuti adzatsimikize mafomu asanatumizidwe, ndipo amawerenga mokweza, dzina ndi maphunziro ake, holo yonse ikumva. Bambo asita kale malaya awo abuluu. Dzulo ndinalimba mtima. "Bambo, za fomu ija..." Anandidula akuseka, "Usade nkhawa iwe, ndikakhala kutsogolo penipeni."

Kalatayi ndapatsira adiraiva a basi kuti ikupezeni mawa. Chonde aimbireni foni Lachinayi lisanafike, inu amakumverani. Musandiikire kumbuyo, ndalakwa ndithu. Mungowauza, asakamvere pagulu. Kukalipidwa sindikuopa. Ndikuopa kuti kuyambira pamenepo, pepala langa lililonse azidzayamba afunafuna magalasi.

Mayi akupereka moni, akuti chifuwa chija chatha. Bambo andiona ndikulemba, nawonso akupereka moni. Akuti ndikuuzeni kuti mng'ono wanu akulimbikira Fizikisi ndipo sadzawachititsa manyazi. Ndalemba monga anenera.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira