Chimbuya cha bana Derrick

Loweruka, 8 Juni
Taika atate. Mutu ukadali mbuu ndi unga wa chimanga. Bana Derrick, amake a Derrick, aneba athu achibemba, anachita chimbuya ndi mtima wonse. Kutithira unga tonse, kenako kukalipira bokosi lenilenilo: "Iwe wakudya mbeba, wathaba! Mbeba za mu Nangongwe zapumula lelo!" Amayi anaseka, misozi ili chuchuchu. Kuseka koyamba chigonekere atate m'chipatala. Abemba ndi ife a kum'mawa timalirana choncho. Iwo amatinena za mbewa, ife za anyani.

Lachiwiri, 11 Juni
M'minibasi ya ku Lusaka aliyense maso pa foni. Maliro athu! Wina anajambula. Tsamba lina la nkhani lalemba kuti mayi wachibemba watukwana anthu a kum'mawa pamanda. Adula pamene amayi akuseka. Adulanso pamene bana Derrick agwa pansi kulira. Akuluakulu akulemba kuti ndi chimbuya chabe, koma ndani akuwamva? Ndinabisa nkhope mpaka ku Shimabala.

Lachinayi, 13 Juni
Wailesi nayo yatola. Akatswiri a ku Lusaka, Chingelezi chambiri, za tsankho la mitundu. Ife eni maliro palibe watifunsa. Ndinaimba foni, akuti nthawi yatha. Kumsika anyamata agubuduza thebulo la bana Derrick, tomato yense m'fumbi.

Lolemba, 17 Juni
Bana Derrick apita ku Mpika kwa mkulu wawo. Osatsanzika. Loko pachitseko.

Lamlungu, 14 Julayi
M'mawa muli zii. Palibe wofuula pampanda: "Mwandida, shani? Ukali kugona, mwana wa mbeba?" Ndinkanyansidwa nazo, ine chitsiru. Amayi nshima angotsina. Atate ndikudziwa kumene ali, koma bana Derrick ali moyo, foni yawo yozima. Ndawasowa. Ndawasowa zedi. Tsamba lija linaiwala kalekale, pano lili pa m'busa wina ndi galimoto yake.

Lachitatu, 21 Ogasiti
Bana Derrick abwera. Ndinathamanga opanda nsapato. Aonda. Anagwada pakhomo, manja pamodzi: "Muli bwanji, ba Mwandida? Pepani pa vonse." Ba Mwandida! Ine amene ankandibereka kumsana popita kumsika.

Amayi anayesa kuwaputa: "Anyani a ku Mpika mwawatsiriza?" Ndinadikira bomba. Iwo anacheukira kumsewu, kumene atsikana ena anaima ndi mafoni. Kenako motsitsa: "Awe, mayo. Vija sitikamba futi."

Anamwa tiyi mwaulemu, nathokoza ngati mlendo wa ku tchalitchi. Atatuluka, amayi analowa kuchipinda. Akulira kuposa tsiku la maliro. Nthawi ino palibe wowaseketsa, ndipo ine sindidziwa n'komwe poyambira.