Amuna a m'kope lanu

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi? Kuno ine sindili bwino, ndipo sindikunamizani.

Papita miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda ku Ntcheu. Ife tikadali kuno ku Chintheche, m'nyumba ya aphunzitsi yomwe ija. Ndiyambe ndi zimene mukadafunsa poyamba. Akazi a a Kamanga anabereka mwana wamkazi mu Epulo, wonenepa, wolira kwambiri. Chinangwa munabzala kuseri chija chinachita bwino, koma mbuzi zinawononga mizere iwiri. Mpunga wa ku Limphasa wachuluka chaka chino. Nyanja inakwera mpaka kumiza mwala munkachapirapo uja. Ine ndili Folomu 3, Chingerezi ndakhoza, masamu ayi. Anzanga ndilibebe. Munkati, "Chifundo, tuluka panja, khoma latopa nawe." Masiku ano wonditulutsa palibe.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Azakhali a Nankhoma, alongo awo a bambo, anabwera kudzatisungira pakhomo. Mu Juni akusesa kuchipinda kwanu anapeza katoni kunsi kwa bedi. Munali mabuku anu a nkhani zachikondi aja, amene alendo amasiya ku loji ya ku Kande, Nyachirwa wokonza zipinda n'kumakubweretserani. Azakhali anang'amba mapepala a kalendala munakutira aja, naona zithunzi za amuna osavala malaya atakumbatira akazi. Zikadathera pomwepo bwenzi ndili chete. Koma pansi pa katoni anapezanso kope lanu.

Analiwerengera pakhonde, Amayi, mokweza, bambo ali pampando, anthu oyandikana nafe ataima pampanda.

"Achimwene, imvani zimene ankachita mlamu wanga inu muli m'kalasi. 'Marcus. Wolemera koma wamwano. Masabata awiri, wanditopetsa.' Mwamva? 'Dokotala Adrian. Amamvetsera. Mwezi wathunthu, ndingabwerezenso.' Amuna asanu ndi anayi, mayina achizungu okhaokha! Ndiye maulendo a ku Kande aja anali a chiyani?"

Bambo sanafunse kanthu. Analowa m'nyumba, natsitsa chithunzi chanu pakhoma, n'kuchiika chozondoka pamwamba pa kabati. Mawa lake anandiuza kuti chiliza tinkati tikamange pamanda panu mu Seputembala chija iwo sachimanga. "Akamange abale ake," anatero. Zaka makumi awiri muli limodzi, zinawatengera masana amodzi okha kuti akukaneni.

Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza. Ndinkakuonani Lachitatu lililonse masana, mutakhala pansi pa mango kuseri ndi amayi anzanu anayi, iwo akusenda chinangwa choti akaviike, inu buku lili pamwendo. Munkawerenga Chingerezi chamumtima n'kumawamasulira m'Chichewa chosakaniza ndi Chitonga chanu chothyokathyoka chija, iwo n'kumakusekani. Ndikayandikira munkati, "Iwe, izi n'za akuluakulu, kalembe homuweki." Ndinkalembera pawindo. Nkhani ikafika kuchipinda munkatsitsa mawu, mnzanu Nyalongwe n'kukuwa kuti "Ama!" akumenya m'manja, ine n'kutseka windo. Koma zambiri zimene ndinkamva zinali mikangano. Nyachirwa ankafuna muyambe mwaona tsamba lomaliza, ati ngati kulibe ukwati asataye nthawi yawo. Nyalongwe ankakonda amuna amwano amene pamapeto amagwada. "Ine ndimve mwamuna akupepesa basi, ngakhale wa m'buku!" Inu munkati amwanowo amakutopetsani.

Ndinayesa kuwauza bambo tsiku lomwelo. Anati mwana salowerera nkhani za m'banja. Ndiye ndinapita kwa amayi aja. Awiri mwa iwo anali pampanda pomwepo azakhali akuwerenga, akupukusa mitu ngati amva zachilendo. Nyalongwe ndinawapeza akuyanika kondowole pathandala. Ndinati, "Ama, tiyeni mukangowauza bambo kuti mayina aja ndi a m'mabuku." Anayang'ana uku ndi uku.

"Iwe mwana, ukufuna ukwati wanga uthe? Amuna anga ndi mkulu wa mpingo. Amayi ako anapuma, palibe chingawapweteke. Ife tikadali moyo."

Nyachirwa atandiona patali analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Awa ndi anthu amene anadzigwetsa pansi pamaliro anu, akulira kuposa ine. Mpaka lero akadutsa pakhomo amandipatsa moni wonyezimira mano. Sindiyankha. Azakhali akuti ndayamba mwano. Ayi ndithu, ndayambadi.

Mabukuwo azakhali anayamba kuyatsira mbaula, masamba angapo tsiku lililonse. Ndinaba asanu ndi awiri, ndi kope lomwe, n'kubisa m'chikwama cha kusukulu. Ndinkawerengera kuseri kwa labu pa nthawi yopuma. Masamba ena ndinkadumpha mwamanyazi, pokumbukira kuti munadutsamo ndinu. Marcus ndinamupeza. Ali ndi hotela zitatu, ndipo ndi wamwanodi. Dokotala Adrian ndinamupezanso. Onse pamodzi ndinapeza asanu, enawo anapsa. Masabata munkalemba aja anali nthawi imene buku linkakutengerani kuti mulimalize.

Ndinaonanso pamene munkadula mizere ndi pensulo. Sipanali pamene azakhali akuganiza. Munadula pamene dokotala uja wasiya zimene amalemba, n'kutembenuza mpando kuti amve mkaziyo akufotokoza za tsiku lake. Munadula pamene wina wakumbukira kuti mkaziyo sathira shuga mu tiyi. Pena munangolemba pambali kuti, "Eya." Ndinakumbukira mmene munkalankhulira patebulo, bambo maso ali pa makope a ana, akungoti "mm, mm," mpaka inu n'kusiyira nkhani pakati. Munkaseka n'kunena kuti, "Ndamaliza, aphunzitsi, chongani." Ine ndinkaseka nawo. Panopa sindikuona choseketsa.

Inunso ndakukwiyirani, Amayi. Munabisiranji ngati mwaba? Bwanji simunalembe pachikuto kuti awa ndi anthu a m'mabuku? Mwapita n'kundisiyira ine mlandu woti ndikuimireni, ine amene ndimachita chibwibwi aphunzitsi akangonditchula dzina.

Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi ndinakhuthula chikwama patebulo, bambo akufuna kuyamba kuchonga. Ndinati, "Bambo, inu mumaphunzitsa Chingerezi. Ana a eni mumawauza kuti asayankhe funso asanawerenge ndime. Katoni yonse ija munatsegulako buku limodzi?"

Azakhali anadzuka. "Taonani mwana wopanda ulemuyu! Wayamba kuwerenga zonyansa za amake!"

Sindinawayang'ane. Ndinatsegula kope pa dzina la Adrian, buku pambali pake, chala changa pa dzina lomwelo. Kenako Marcus. Kenako atatu enawo. Bambo anavala magalasi. Anawerenga nthawi yaitali, akubwerera mmbuyo, ndipo ndinaona kuti aima pa mizere yanu ya pensulo.

Azakhali anati, "Asanu okha. Nanga anayiwo? Ngati ankawerengera anzake, awatchule mwanayu. Tiwaitane pamaso pa akulu a mpingo, anene okha."

Bambo anandiyang'ana. "Chifundo, ankawerenga ndi ndani?"

Mayina onse anayi anali pakamwa panga, Amayi. Ndinkafuna ndiwatchule. Ndinkafuna ndione Nyalongwe ataimitsidwa kutsogolo, anthu akunong'onezana za iwo monga akuchitira za inu. Koma ndinadziwa zimene zikanawachitikira kunyumba kwawo. Ndinati, "Mabuku a amuna anayiwo anapsa pambaula ya azakhali. Mboni ina sindikupatsani. Mukafuna kukhulupirira akazi anu, khulupirirani ndi zimene zili patebulopa."

Kenako bambo anatseka kope, naliika m'thumba la malaya awo, nati, "Achemwali, mabuku otsalawa musawakhudze. Chiliza tikamanga." Basi. Sanapepese, kwa ine kapena kwa inu. Azakhali akuuzabe anthu kuchigayo kuti mwana wapusitsa bambo ake. Bambo buku la dokotala lija analowa nalo kuchipinda ndipo silinatulukebe. Kaya akuphunziramo chiyani panopa, mwini wake atapita.

Sindinawakhululukire, ndipo musandipemphe kutero chaka chino.

Mu Seputembala tibwera ndi simenti. Pamandapo abale onse adzakhalapo, a kwanu ndi a kwa bambo, amene anamva bodzali pa foni. Ndikulonjeza kuti ndidzaimirira, ngakhale chibwibwi chindigwire, ndipo ndidzanena kuti amayi anga ankakonda kuwerenga nkhani zachikondi, ankazikonda kwambiri, ndipo sanalakwire munthu aliyense. Mayina a anzanu aja sadzatuluka pakamwa panga. Sikuti ndawamvera chisoni. N'chifukwa choti inu simukadawatchula.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndili wokwiya chonchi.

Ndine mwana wanu,
Chifundo