Nkhonya Yanga Yafesa Mapira

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Tengani tilipo, mwendo wa mayi uja wasiya kutupa.

Paja munati mphamvu ya nkhonya imachokera m'chiuno. Ndinatenga thumba kuseri kwa chitseko, poyesa ndi lanu la mchenga lija, n'kulipachika mumtengo wa bwemba. Mmawa uliwonse ndikamalimenya ndimatsinzina, n'kumaona magetsi a m'bwalo, khamu likuimba dzina langa, inu mutaima pakona ndi thaulo.

Tsiku lina chiuno chinamvera. Phuu! Thumba linaphulika. Achimwene, anali mapira a mbewu a mayi! Mayiwo anatha masiku awiri osandilankhula.

Pano mvula yagwa, ndipo paja ndimapondaponda pamera mapira obiriwira. Mayi akuti umenewo ndiye munda wanga, ndiupalire.

Khasu ndili nalo kale. Nditumizireniko magolovesi.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati