Chipanda cha Lazalo

Lolemba, 3 Febuluwale 1958

Lembani bwino, apongozi, musathamange. Ine Esinati wa ku Zomba, mayi wa Mvano. Mwana wanga Lazalo ndiye amasonkha moto m'mabani a fodya papulazi pano, ndipo dera lonse lino la Selous palibe womposa. Dzulo anamupeza ataledzera, atagona pankhuni, moto utazilala. Bwana wati akabwereza tichoke m'komboni tonse: iye, ine, mkazi wake Janeth amene akulembayu, ndi ana. Walankhula zimenezi ali pakhonde, burandi ali m'manja. Wakewo akuti ndi wa chimfine.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Abwera a Saulos, akulu a mpingo. Amugwira Lazalo pamutu nadzudzula chiwanda cha mowa mpaka thukuta. Chiwandacho ndinachimva ndithu. Chimanunkha kuchokera mbali ya a Saulos.

Lachinayi

Lazalo wamwanso. Ndamufunsa kuti ukoma bwanji? Akuti, "Sukoma, mayi. Ndikapanda kumwa manjawa amakana." Zonena za woledzera.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndapita kwa sing'anga wa Chizezuru. Wandipatsa mizu yosinja, akuti ndithire mobisa mu doro, mowa wa kuno, akasanza kamodzi sadzauyang'ananso. Ndagula masese chipanda chimodzi. Ine! Musalembe kuti ndinadzera kuseri kwa tchalitchi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Dzulo sindikanatha kulankhula.

Ndinamuyitana Lazalo kuti adzamwe yekha pansi pa mtengo. Sindinayiwale kalikonse, kupatula chakuti mowa munthu samwa yekha. Posakhalitsa panali kapitawo, ndi a Saulos amene akuti amangodutsa. Ndikuyika chipanda, kapitawo akuti, "Gogo, chotsani ufiti." Wobweretsa mowa ndiye ayambe kulawa. Ndikanati chiyani? Kukana n'kuvomera kuti ndathiramo kanthu. Ndinamwa, koyamba chibadwire, enawo n'kutsatira.

Mizuyo ndi yoona, sing'angayo sindimunena. Ine ndinasanza kuseri kwa nyumba, kapitawo m'ngalande, a Saulos pansapato zawo za pa Sabata, akufuula kuti Satana wawalasa. Lazalo anamaliza chipanda, napukuta pakamwa. "Mayi, wa lerowu ngwakupsa bwino."

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Janeth wamuuza Lazalo zonse. Wabwera nakhala pansi pafupi ndi mphasa yanga. "Mayi, inu kumwa masese chifukwa cha ine?" Walumbira kuti basi.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Lazalo wasunga mawu ake, koma taonani. Akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kapu ya madzi ikumupulumuka. Masanasana akuona mbewa zikukwera chipupa. A Saulos ati chiwanda chikutuluka, timumange chingwe. Ndawauza akamange mbuzi zawo.

Ndayitana bambo wa pakiliniki, wabwera panjinga. Wati thupi linazolowera mowa, ndiye kusiya mwadzidzidzi munthu atha kukomoka ngakhale kufa. Ndi matenda, akagonekedwe kuchipatala. Ndati, matenda? Ndiye mwana wanga si chitsiru? Akuti ayi. Lembani pamenepo kawiri, apongozi.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndavala nsalu yanga yabwino, ndakwera kwa bwana. Ndati Lazalo wadwala, akupita kuchipatala. Wafunsa kuti matenda anji. Ndaloza botolo lake. Wafiira, nati Lazalo akwere lole ya fodya, koma motowo ukazima, tonse panjira.

Lole yanyamuka m'mawa uno. Lazalo anali atafunda bulangete, akufuula ali pamwamba pa mabelo kuti nkhuni zonyowa ayi, ndipo tisatsegule chitseko cha bani lachitatu.

Tsekani bukulo, apongozi, tikasonkhe moto. Inu tengani bani loyamba. Ine ndili ku bani lachitatu.